Phala la injini ku Majaua

Ndiulule: ndinakula mpaka imvi ndikukhulupirira kuti chilichonse chokhuthala chili ndi mphamvu. Musandiseke. Amene munadya phala la kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi mukudziwa kuti lamadzimadzi linkatanthauza njala.

Titabwerera kwathu ku Majaua, tinasonkherana n'kugula chigayo chakale. Injini yake inkatentha ngati mwini ngongole, ikagaya pang'ono n'kuzima. Patapita zaka kunabwera Dona Rozita, mwana wa ku Molumbo amene anaphunzira za makina kunja. Galimoto yawo inatitimira m'matope, ine n'kuwanyamulira mabokosi panjinga. Pofika ananditchula malume m'Chipwitikizi, nati, "Tiyu, simunaswe kanthu. Mawa mubwere." Umu ndi mmene ndinalembedwera ntchito koyamba, mano ena atachoka kale.

Iwo ankayesa madzi oziziritsa injini osakaniza ndi kaufa kachitsulo kosalala kuposa phulusa, koti sungakaone kamodzikamodzi. Ntchito yanga inali kutakasa, kenaka kuthira madziwo m'kapaipi kagalasi kokhala ndi mizere iwiri, iwo atagwira wotchi kuona nthawi imene madziwo atenge kuchoka pamzere wapamwamba kufika wapansi. Tikatero ankaviika kawaya kotenthetsa ndi batire, n'kumawerenga temometa kuti aone mmene madziwo akulandirira kutentha. Chinthu chimodzi ankachibwereza kambirimbiri osatopa. Ine ndinkayasamula, iwo ayi.

Tsiku lovuta linafika nthawi yokolola. Amayi anali atandanda ndi matumba a chimanga, ena ochokera ku Mongue, ndipo injini inali yokhayo kudera lonse. Tinathira madzi athu m'rediyeta. Poyamba singano ya kutentha inatsika, anthu n'kuyamba nthungululu. Kenaka inayambanso kukwera.

"Onjezani ufawo, Dona," anatero wapampando wa chigayo. Ine ndinavomereza mokweza, poti ndinali katswiri wa phala.

Iwo anazimitsa injini. Anthu anang'ung'udza, mayi wina n'kunena kuti sukulu yambiri imaononga ana. Dona Rozita anatunga madzi m'rediyeta, n'kundiuza kuti ndithire m'kapaipi pamaso pa onse. Madziwo anatsika ngati nkhalamba yopita kumaliro a mdani wake.

"Mwaona? Kutentha akunyamula bwino, koma sakuyenda. Bomba yopopa madzi ikulephera kuwakankha. Ndikaonjezera, injini yanu ifa lero."

Ndinawanong'oneza kuti, "Mwana wanga, ingonenani kuti zatheka pang'ono. Anthu akuona."

"Tiyu, kapaipika kaona kale."

Anavula wotchi, anapinda manja a bulauzi, ndipo tinatsuka rediyeta yonse mpaka madzi kutuluka oyera. Tinathiramo madzi wamba. Iwo eni anaimirira n'kuuza gulu kuti zimene anabwera nazo sizinakonzeke, kuti ayenera kubwerera kukayesanso. Sindinaonepo munthu wophunzira akunena choncho pamaso pa anthu osavala nsapato. Rediyeta itatsukidwa, injini inagaya mpaka thumba lomaliza, ndipo mayi wonyoza uja anawapatsa nthochi, maso ali kumbali.

Kuyambira pamenepo ndikaona chinthu sindifunsa mphamvu yake yokha, ndimafunsanso ngati chikuyenda.

Madzulo ndinafotokozera mayi a kunyumba zonse, ndikudziika pakatikati pa nkhani monga mwa chizolowezi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye bambo a Zefa, miyezi yonseyi mumatakasira injini phala, kuno mthiko simuudziwa ndi pomwe umakhala?"