Bondo Lodziwa Mvula

M'mawa uno foni yanga yaonetsa kamtambo, ati mvula igwa mawa. Ndakumbukira mayi ena amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kudzakhala pafupi nafe kwa Mlolo.

Chaka china ndili mwana, Novembala anatentha koopsa. Wailesi inkati mvula ichedwa, ndipo idzakhala yochepa. Amayi anga anali ataswa kale mtedza wambewu, wochepa umene unapulumuka chilala, koma ankaopa kuubzala. Tsiku lina masana ananditenga kupita kwa mayi aja.

"Anzanga, bondo likuti bwanji?" anafunsa amayi.

"Layamba kuwawa dzulo. Mawa kapena mkuja igwa."

Ine ndinalephera kupirira. "Bondo limadziwa bwanji mvula?"

Mayi aja anandigwira dzanja n'kuika chala changa pachipsera cha pabondo lawo. Pansi pa khungu panali kanthu kolimba ngati njere ya chimanga.

"Kachitsulo ka bomba aka, mwananga. Mitambo ikamasonkhana kamandiluma."

"Nanga mvula ya Januwale kamaidziwanso?" ndinafunsanso.

Anaseka. "Kamangodziwa za mawa. Zakutalizo n'za wailesi."

Amayi sanaseke nawo. Anayang'ana kumwamba kwa kanthawi, kenako anati, "Tibzala theka."

Ine chala chinali chikadali pomwepo. Ndinkadinikiza pang'onopang'ono, kudikira kuti mwina nanenso kandiluma.