Timbale Toyera pa Loji ya Bambo Aja

Kwa zaka zambiri, munthu wa pa boma la Ntcheu kompyuta ikamuvuta ankabwera kwa ine. Ndinali ndi kachipinda kuseri kwa msika, momwe ndinkasindikizira anthu makalata ndi kukonza mafoni. Ku koleji sindinapiteko. Zonse ndinaphunzira ndekha, potsegula zinthu zowonongeka n'kumaona zam'kati. Anthu ankanditcha injiniya, ndipo sindinkawatsutsa.

Kasitomala wanga wamkulu anali bambo wina wachisilamu, mwini holoselo ya m'mphepete mwa msewu waukulu. Ndine ndinawaikira rauta yawo yoyamba, kabokosi ka tinyanga tiwiri komwaza intaneti m'nyumba popanda waya. Ikavuta ankandiitana. Ndinkaizimitsa, kudikira pang'ono, n'kuiyatsanso, kenako akazi awo, amene ankakhala pa kauntala, ankandipatsa tiyi.

Chaka china bambowo anamanga loji kuseri kwa holoselo: zipinda zogona khumi ndi ziwiri, holo ya misonkhano, ndi shedi yaikulu yosungiramo katundu. A mabungwe akabwera kudzaona holo, asanafunse za chakudya ankayamba afunsa ngati wayifayi ilipo. Bambowo anaganiza zoti ifike paliponse, ndipo ine ndinangodziwa kuti ntchitoyo ndi yanga. Ndinawalembera papepala marauta anayi onga yoyamba ija, imodzi pa ngodya iliyonse ya mpanda.

Nthawi yomweyo kunabwera msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume a ku Nzama. Tinakulira limodzi, kukumba kachewere m'munda umodzi, ndipo ku pulayimale masamu ndinkamuposa ndine. Koma iye anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, kenako ku koleji, ine n'kutsala. Ankagwira ntchito ku Blantyre pa kampani yoika netiweki m'mahotela ndi m'maofesi. Anatenga tchuthi chachitali kudzadwazika mayi ake.

Palibe anamuitana ku holoselo kuja. Ndinapita naye ndine, kuti bambo aja aone kuti kwathu kulinso anthu ophunzira. Atamva ntchito yake, anatsegula kabati, kutulutsa pepala langa lija, n'kumupatsa kuti aone.

Anawerenga, n'kundiyang'ana kaye asanalankhule.

"Asuweni, marauta awa ndi abwino," anatero. "Koma ndi a m'nyumba ya banja."

Anafotokoza mofatsa, mosankha mawu, ndipo kufatsako n'kumene kunkandiwawa. Anati holo ikadzaza, aliyense ali ndi foni ndi laputopu, rauta ya m'nyumba imatsamwa. Anati marauta anayi ndiye kuti mayina anayi ndi mapasiwedi anayi, mlendo akachoka kuchipinda kupita ku holo intaneti izimudukira panjira. Anatinso alendo adzakhala pa netiweki imodzi ndi kompyuta ya holoselo, ndipo wina wochenjera angathe kuisuzumira. Zonsezi ndinkazimva kuti n'zoona. Ndinangoti ine ndakhala ndikugwira ntchito imeneyi zaka zambiri popanda wodandaula. Bambo aja anagwedeza mutu, koma maso awo anali pa iye.

Chimene iye ankafuna chinali timakina tina tozungulira, toyera, tomatika ku siling'i. Akazi a bambowo ataona chithunzi chake pa foni anati n'timbale, ndipo dzinalo linakhazikika. Timbale tonse timakhala ndi dzina limodzi, timapatsirana munthu akamayenda, ndipo timayendetsedwa pa kompyuta imodzi.

Mawa lake msuweni wanga anandipempha kuti tizungulire limodzi malowo. Ndinati ndili ndi makasitomala, koma ndinapitabe, chifukwa sindinafune kuti zichitike ine kulibe. Unali mwezi wa Julaye, kukuzizira. Iye ankayenda ndi foni m'manja, akugogoda makoma kuti amve ngati ndi a njerwa zootcha, akuyang'ana malata, akulemba m'kope. Anafunsa bambowo kuti holo imalowa anthu angati, magetsi amathima kangati pa sabata, alendo amakonda kukhala panja kapena m'zipinda. Ine pa zaka zonsezo sindinawafunsepo funso ngakhale limodzi.

Tinafika mu shedi. Munali mopanda kanthu, mawu ankachita kubwerera. Kumapeto kwake kunali kaofesi ka kalaliki wotulutsa katundu. Shediyo inalibe siling'i, choncho msuweni wanga anasankha kuika kambale kamodzi pakhoma pafupi ndi chitseko, m'munsi ndithu, pomwe waya ukanafika mosavuta. Anayesa ndi kamakina kamene anabwera nako, anayenda mpaka ku kaofesi, n'kupeza kuti netiweki ikufika bwino.

Ine ndinkadziwa mmene bambo aja amasungira katundu. Ikafika Okutobala, feteleza amabwera malole motsatizana, pamodzi ndi mitolo ya malata ndi migolo ya mafuta ophikira, ndipo amasanja mpaka kudenga. Ndinkadziwanso, chifukwa ndinaziona mu holoselo, kuti wayifayi sidutsa mulu wotero.

Potuluka anatseka kope n'kundifunsa, "Asuweni, inu malo ano mumawadziwa kuposa ine. Pali chimene ndaiwala?"

"Palibe," ndinatero.

Patapita masiku atatu anabweretsa mitundu itatu ya timbale papepala. Woyamba unali wotchipa, koma kambale kalikonse kankafuna kukonzedwa pakokha. Wachiwiri unali wa m'mahotela akuluakulu, wofuna laisensi chaka ndi chaka, ndipo ukapanda kuikonzanso laisensiyo umasiya kuyendetseka. Wachitatu unali wapakati, wopanda laisensi, wolandira magetsi kudzera mu waya womwewo wa netiweki, kotero kuti batire imodzi ya mu ofesi ikanasunga timbale tonse magetsi akathima. Iye anati akanakhala mwini loji akanatenga wachitatu, kuphatikizapo kamodzi kopirira mvula ka pabwalo. Bambowo anavomera, koma anafunsa kuti iye akabwerera ku Blantyre, zikavuta adzakonze ndani.

"Asuweni awa," anayankha. "Ndiwaonetsa zonse."

Ankandichitira zabwino, ndikudziwa. Koma ine ndinamva ngati wandilemba ntchito ya ulonda pa nyumba imene ndimayenera kumanga ndine.

Timbale tinabwera, tinaikidwa. Waya ndinakoka ndine, ndikukwawa m'denga, iye ali pansi ndi laputopu. Zinagwira ntchito tsiku lomwelo. Msonkhano woyamba unali wa azaumoyo ochokera ku Kasinje ndi ku Sharpevale, holo inadzaza, ndipo palibe anadandaula. Kumsika anthu anayamba kundifunsa za msuweni wanga uja, injiniya weniweni. Mawu akuti weniweni ndinkapita nawo kunyumba. Akazi anga anandiuza tsiku lina kuti ndayamba kukalipira ana popanda chifukwa, ndipo ngati nkhani ndi ya timbale ndikakalipire timbaleto. Ku holoselo sanandiitanenso kwa miyezi itatu, popeza panalibe chozimitsa n'kuyatsanso. Ndikamadutsa pamsewu foni yanga inkalumikizika yokha, netiweki ili yodzaza, ine mtima n'kumawawa.

Amayi ake atapezako bwino, msuweni wanga anabwerera ku Blantyre. Ine ndinkadikira feteleza.

Feteleza anabwera mochedwerapo, kumayambiriro kwa Novembala. Lachiwiri lina m'mawa bambo aja anandiimbira kuti kompyuta ya kalaliki yasiya kulandira mauthenga ochokera ku kauntala, ndipo ogula aima pa mzere padzuwa kudikira katundu wawo. Ndinatseka kachipinda kanga n'kuyenda mothamanga, ndili ndi chimwemwe chimene lero ndimachita nacho manyazi.

Ndinapeza matumba atasanjidwa mpaka kudenga, kambale kaja katabisika kuseri kwake. Bambowo anaima pakhomo manja ali kumbuyo. Ndinaloza muluwo n'kunena kuti izi ine ndinazidziwa kale, anthu a m'tauni sadziwa mmene malonda a kuno amayendera.

Bambowo anafunsa, osakweza mawu, "Munazidziwa liti, achimwene?"

Ndinati kalekale.

"Tsiku lija ankakufunsani pakhomo pano, ine ndili pomwepo, munali mukudziwa?"

Ndinayang'ana matumba. Ogula awiri amene anali pafupi anasiya kucheza. Bambowo sanandikalipire. Anangoti ndimuimbire mwana wa amalume anga tione chochita, n'kubwerera ku kauntala.

Ndinamuimbira. Atamva za feteleza anaseka, akuti anayesa shedi yopanda kanthu ngati mwana wa sukulu. Anati ndichotse kambaleko pakhoma, ndikamange pa mtanda wapakati pamwamba penipeni, koyang'ana pansi, ndipo ndikoke waya watsopano wosalumikiza. Makwerero sanafike pa mtandawo, choncho ndinakwera pa matumba omwewo, fungo la feteleza likundilowa m'mphuno. Pofika masana kompyuta ya kalaliki inali ikugwira ntchito. Bambowo anandithokoza mwaulemu, ngati mmene amathokozera munthu wobweretsa katundu.

Sindikudziwa ngati anamuuza msuweni wanga zimene ndinanena pakhomo paja. Iye sanandifunsepo. Pa Khirisimasi tinakumana ku Nzama, ndipo achibale atamufunsa za loji ija, anawauza kuti iye analakwitsa pa shedi, amene anakonza ndi asuweni. Amalume anandigwira dzanja kundiyamikira. Ndinamwetulira, koma ndinkalakalaka msuweni wangayo akanangonditukwana.

Timbale tija ndimatiyang'anirabe ndine mpaka lero. Mu Januwale msuweni wanga ananditumizira pa foni mabuku amene ankaphunzira ku koleji, akuti mayeso ake munthu angathe kulemba ngakhale sanapite ku koleji. Ndimawawerenga masana kukakhala kopanda makasitomala, ndipo ndafika pa mutu wachisanu ndi chimodzi, wovuta, wonena za kugawa netiweki imodzi m'zigawo. Pali malo awiri amene sindikuwamvetsa, ndipo ndikudziwa kuti iye angandifotokozere m'mphindi zochepa. Akaimba kufunsa ngati ndayamba kuwerenga, ndimamuuza kuti ntchito yachuluka, ndidzaona nthawi ikapezeka.