Batire Limene a Sultani Analidzutsa

A Sultani anabwera ku Cape Town kuchokera ku Namwera, m'boma la Mangochi, kumene ankakonza njinga ndi mawailesi pafupi ndi msika. Ntchito anaipeza ku Montague Gardens, pa nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu, ndipo kumeneko n'kumene anagwira koyamba dirilo ya batire, makina aja obowolera ndi kumangira masikuluwu opanda chingwe cha magetsi. Anzawo ankangoigwiritsa ntchito n'kuisiya. Iwo ankafuna kudziwa zimene zili m'kati, moti madirilo otha ntchito akamatayidwa ankawapempha kwa kapitawo n'kukawaphwasula kunyumba.

Kunyumbako kunali ku Maitland, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire wa konkuno. Ankakhala ndi akazi awo, a Aishah, amene ankaluka anthu tsitsi pakhomo pomwepo. Loweruka mumpandamo munkadzaza: amayi odzalukitsa atakhala pampando panja, abambo a maganyu atanyamula madirilo awo odwala m'zikwama.

Matenda ambiri sanali aakulu. Dirilo ikakana kuzungulira, a Sultani ankayamba aikamo batire lina lamoyo kuti adziwe ngati vuto lili m'makinamo kapena m'batire. Nthawi zambiri linkangokhala fumbi la simenti pa tizitsulo timene batire limakhudzanapo ndi dirilo; akapukuta, dirilo inkalira. Ina inkabwera itauma kukamwa, biti, kachitsulo kobowolera kaja, itakaniriramo, ndiye ankadontheza timafuta, kugogoda mofatsa, n'kumasula. Ina inkathetheka moto m'kati ndi kununkha chopserera, apo ankadziwa kuti timakala ta m'mota tatha. Inanso mwiniwake ankalumbira kuti yafa, chikhalirecho kabatani kosinthira kutsogolo ndi kumbuyo kangoima pakati.

Koma chimene chinawatchukitsa chinali kudzutsa batire. Batire likagona nthawi yaitali limatheratu moto mpaka tchaja imalikana, imangophethira kagetsi kofiira. A Sultani ankatenga mawaya awiri, kulumikiza lakufalo ku lamoyo kwa kanthawi, kenako kuliika pa tchaja, ndipo tchaja inkalilandira. Anachita zimenezi kambirimbiri osaonapo chovuta, moti mantha analibe n'komwe.

Loweruka lina la mwezi wa February, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mnzawo wakale, a Geoffrey, kalipentala wa ku Ntcheu wokhala ku Langa, amene ankaika makabati m'makhitchini a anthu. Anati dirilo yawo yangozima ntchito ili m'kati, ndipo Lolemba akuyenera kukamaliza. A Sultani anaikamo batire lawo, dirilo inazungulira bwinobwino. Ndiye vuto linali batire. Polizondotsa anaona kamng'alu pakona, komanso pansi pake panali potukuka pang'ono. Anafunsa ngati linagwapo. A Geoffrey anayankha kuti zida za ntchito zimagwa tsiku ndi tsiku, si nkhani. A Sultani anazengereza pang'ono, koma anatenga mawaya awo aja. Atamaliza analiika pa tchaja, patebulo pansi pa zenera. Kagetsi kanasiya kuphethira, a Geoffrey n'kuwomba m'manja kuti Che Sultani ndi dokotala.

Anakhala pakhomo akumwa tiyi, a Aishah ali kalikiliki kuluka mayi wina dzina lake Fyness. Woyamba kumva fungo anali a Aishah. Anati kukununkha ngati mankhwala ochotsera utoto m'zikhadabo, n'kufunsa ngati alipo watsegula botolo. A Sultani asanayankhe, m'chipindamo munamveka phokoso ngati la tayala lobooka.

Atalowa anaima chilili. Batire lija linali kufuka utsi woyera, wothithikana, wotuluka ndi mphamvu. Anathamangira kukhoma n'kuzula pulagi, mtima uli m'malo kuti basi, magetsi achoka, zatha. Pomwepo moto unatuluka pa kamng'alu kaja, wowongoka ngati wa makina owotcherera zitsulo, n'kugwira katani. A Sultani anayang'ana pulagi ili m'manja mwawo, kuyang'ananso moto. Chiyambireni kukonza zinthu, chinthu akachichotsa ku magetsi chinkakhala chete. Ichi chinkayaka chokha, ndipo chinkanka chikulirakulira.

“Bambo a Hanan, tulukani m'menemo,” anatero a Aishah ali pakhomo, kuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

Sanatuluke. Anaganiza za botolo la gasi limene linali pansi pa tebulo lomwelo. Anakwatula thaulo, kugwira batire ndi tchaja yake yomwe, n'kuthamanga nazo panja. Thaulolo linapsa asanafike pakhomo. Anaponya zonse pasimenti pakati pa mpanda, a Geoffrey n'kukhuthulira ndowa yamadzi. M'chipindamo a Aishah ndi a Fyness anathothola katani n'kuipondaponda; thumba la tsitsi lolukira limene linali pazenera linasungunuka n'kukhala chibuluma chakuda.

Kunja kunakhala bata. Anthu a m'nyumba zoyandikana anabwera, onse atazungulira chinthu chakudacho chikufuka nthunzi m'madzi. Mayi mwini nyumba anatuluka atagwira pachifuwa. Wina anawerama kuti aone bwino. Nthawi yomweyo chinaphulikanso. Kachitsulo kobulungira konga chala kanafwamphuka m'katimo kakuyaka, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, n'kukamenya chitseko cha mwini nyumba. Anthu anabalalika, ena kugwerana pageti. A Sultani okha anatsala pomwepo, kukamwa kuli yasa. Chinthu anachizimitsa ndi madzi, onse akuona, ndiye chayakanso bwanji?

Ndi a Fyness amene anawauza kuti ayang'ane dzanja lawo. A Sultaniwo sankamva kanthu. Khungu la pachikhatho ndi la zala zitatu linali litayera mbuu, litasendeka. Ataliona m'pamene anakhala pansi.

Ali m'galimoto ya neba kupita kuchipatala, a Geoffrey anayankhula osayang'ana munthu. Anati batirelo linagwa kuchokera padenga la nyumba yosanja, n'kugona m'ngalande yamadzi mpaka mawa lake. Analiyanika padzuwa, ndipo sanafune kunena poopa kuti a Sultani akana kulikonza.

“Achimwene, mkazi wanga anali pakhomo paja,” anatero a Sultani motsitsa mawu. “Gasi anali pansi pa tebulo.”

Mumtima ankadziwa kuti kamng'alu kaja anakaona ndi maso awo, kutukuka kuja anakukhudza ndi chala chawo.

Mayi mwini nyumba sanakalipe. Anangonena kuti mwezi ukatha apeze kwina, iwo ndi okalamba, sangathe kuthawa moto. Banjali linasamukira ku Dunoon, kufupi ndi kuntchito, ndipo a Aishah anayambiranso kufunafuna makasitomala. Dzanja linatenga nthawi kuti lipole. Atabwerera kuntchito, kwa masabata angapo ankalambalala shelefu ya matchaja, ndipo wina akatsegula botolo la chakumwa n'kumveka kuti tsii, ankadzidzimuka mpaka anzawo kuwaseka.

Madirilo akukonzabe. Zouma kukamwa, zotha timakala, zodzaza fumbi, zonsezo amalandira. Koma batire limene tchaja yalikana, kapena lotukuka, kapena long'aluka, salola kuti lilowe n'komwe m'nyumba. Amauza mwiniwake kuti akalisiye kumalo kumene amalandira mabatire otha, ndipo wina akaumirira amangomutambasulira chikhatho. A Geoffrey anabwerapo kamodzi kudzapepesa. Anawalandira, anamwa nawo tiyi, koma chibale chija sichinabwererenso mwakale.

Kumudzi nkhaniyi sinafike. Mayi awo a Sultani amadwala mtima, ndiye anagwirizana ndi a Aishah kuti asawauze. Akamayankhulana nawo pa foni ya kanema, foniyo amaigwira ndi dzanja lopsalo, n'kumawabayibitsa ndi linalo.