Masamba Atatu Amene Sindinawerenge

Bukulo linalibe chikuto. Amayi analisokerera kansalu ka thumba la ufa wa ku kampu ya othawa nkhondo, ndipo linkanunkha utsi ndi sopo. Amene anandipatsa ndi aphunzitsi a ku Malawi, tsiku limene tinkakwera lole yobwerera kwathu mtendere utabwera. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mongue, odziwa kuwerenga Chinyanja tinali ochepa.

Chilimwe chimenecho anthu ankaumba njerwa za tchalitchi, pakuti chakale chinangotsala zipupa ziwiri, mpoza utamera pa guwa. Dzuwa likafika paliwombo ankakhala pansi pa mtengo wa mango, matope akuuma m'miyendo, n'kumadya chinangwa chophika. Pamenepo ankandiitana kuti ndiwerenge.

Ndinaphunzira msanga zimene makutu awo ankafuna. Wolemba akayamba kufotokoza mapiri ndi mitambo, mayi wina ankati, "Dumpha pamenepo, mapiri tili nawo." Anthu a m'nkhani akakangana, aliyense ankasiya kutafuna. Mwana wotayika atapezeka, anandiuza kuti ndibwereze kawiri. Koma chimene ankadana nacho koposa n'chakuti woipa apulumuke. M'nkhaniyo munali munthu amene analozera achifwamba njira ya kumudzi kwawo, ndipo akangotchulidwa, bambo wina woponda matope ankalavula n'kunena kuti, "Ameneyo asafe ndi malungo ayi."

Amalume ankakhala chakumapeto, pafupi ndi zikombole. Iwo sanathawe nafe. Anagwidwa, nasenza katundu wa anthu a mfuti zaka zambiri, ndipo anabwerako akutsimphina. Panali manong'onong'o akuti ndiwo ankalozera nkhokwe za anthu. Palibe amene ankanena pamaso pawo, koma chinangwa ankawaikira pa tsamba laokha. Mpaka lero sindidziwa ngati zinali zoona.

Tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi anandiimitsa panjira. "Mwanawe, munthu uja wa m'buku, pamapeto amutani?" Ndinaseka, n'kuwauza kuti adikire mawa ngati anzawo.

Ine ndinali nditawerenga kale. Pa masamba atatu omaliza munthu uja anabwerera kumudzi, nagwada pabwalo, ndipo mkazi amene anataya mwamuna wake anamutungira madzi akumwa. Anamupatsanso malo omangapo nyumba. Ndinkadziwa kuti ndikawerenga zimenezo anthu anyamuka akung'ung'udza, ndipo sadzandiitananso. Ndinkakonda kuitanidwa. Ndinkakonda kuona akuluakulu ali chete chifukwa cha mawu anga. Tchimo langa linayambira pamenepo, bodza linangotsatira.

Mawa lake ndinatsegula buku, maso pa tsamba, chala chikuyenda pa mizere, koma pakamwa pankatuluka zina. Ndinati anthu anamugwira, namumanga, namutulutsa m'mudzi ndi miyala. Nditaona kuti akukondwa, ndinawonjezera. Ndinati ankathawa akutsimphina. Sindinachite kukonzekera, ndinangotola chimene maso anga ankaona tsiku ndi tsiku. Anthu anaseka, ena anawomba m'manja, ndipo bambo woponda matope uja anati, "Eya, wolemba ameneyu nkhondo amaidziwa." Mitu ingapo inatembenukira ku zikombole.

Amalume anamaliza chinangwa chawo pang'onopang'ono. Anatsuka chikombole chawo, nachiimika padzuwa. Podutsa pamene ndinakhala anati, "Wawerenga bwino, mwana wa mlongo wanga."

Njerwa zisanawotchedwe anali atanyamuka ulendo wa ku Molumbo, wapansi, mphasa ili paphewa. Amayi anawaperekeza mpaka pa mtsinje, nabwerako okha. Sanandifunse kanthu, poti sankadziwa kuwerenga, ndipo ine sindinaulule. Tchalitchi chitatha, Lamulungu lililonse ndinkaima pakati pa njerwa zimene zina mwa izo zinaumbidwa ndi manja a amalume, n'kumatchula malamulo khumi pamodzi ndi anzanga, la umboni wonama lomwe, mawu osanjenjemera n'komwe. Amalume anamwalira ku Molumbo komweko ndisanapeze mtima wopita kukawagwadira. Ndimakhulupirira kuti Ambuye anandikhululukira. Koma ndikagwada ndimakumbukira kuti chifundo chimene ndimapempha ndinachigwirapo m'manja, cholembedwa bwinobwino, ndipo ndinachitsekera munthu amene anali pa mtunda wa mapazi khumi.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira zimene amayi ankauza anthu, kuti amalume atsata nthaka yabwino. Ndinkayesanso kuti panjira paja anafunsa chifukwa chosaugwira mtima, ngati mwana wolawa ndiwo zisanapse. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu, wa imvi, angafunse buku la nthano ngati kwawo kukadali malo ake.