Chaka Chimene Ndinazula Mpunga wa Eni

Kwathu kwa Mwambo, munthu akafuna kundiyamikira amayambira pa mpunga. Za koleji sazitchula n'komwe. Amati, "Uyu ndi mtsikana uja anawokera yekha puloti ya amake." Ine ndimaseka pang'ono n'kuyang'ana pansi, iwo n'kumati ndine wodzichepetsa. Zoona zake n'zoti ndimachita manyazi.

Chinali chaka changa choyamba ku koleji ku Zomba, ndipo tchuthi chinagwera m'dzinja. Ndinafika kunyumba mbande zitakula pa nazale, amayi akudandaula msana. Bambo anali atatisiya kalekale, ndiye puloti yathu ya ku sikimu ya Likangala inkadalira amayi okha. Ine pa ntchito ya m'matope ndinali mlesi wodziwika mudzi wonse. Ndinkaopa misundu, ndipo ndikawerama pang'ono mutu unkayamba kundiwawa, makamaka amayi akamandiona.

Koma chaka chimenecho china chake chinandilowa m'thupi. Tulo tinatha koma sindinkatopa, ndipo njala sindinkayimva. Anthu akamafika ku sikimu ankandipeza ndili kale m'madzi, chingwe nditakoka, ndikuwokera mzere ndi mzere uku ndikuyimba nyimbo za kwaya. Ntchito imene amayi ankayitanira anthu ndinayimaliza ndekha. Pakamwanso sipankatsekeka. Aliyense wodutsa m'mbali mwa ngalande ndinkamuyimitsa n'kumuuza momwe ndidzasinthire ulimi wa mpunga kuyambira ku Likangala mpaka ku chilumba cha Chisi, ngakhale ku Chisiko ndinali ndisanapondeko.

Amayi ankanyada. Anakanena ku chigayo, anakanena pa mjigo, ndipo Lamulungu anayimirira m'tchalitchi kuthokoza kuti sukulu yam'chotsa mwana wawo ulesi.

Puloti yathu itatha, manja anga sanafune kukhala. Moyandikana nafe munkalima bambo wina wachikulire, Msilamu wofatsa amene ankagulitsanso matemba. Iwo ankawokera mwachikale, popanda chingwe, phando apa phando apo. Mpunga wawo unali utagwira kale, ukubiriwira. Ndinauyang'ana, kukhotakhota kwakeko kunandinyansa, ndipo ndinalowa n'kuyamba kuuzula kuti ndiuwokere bwino. Mumtima ndinkati ndikuwathandiza.

Mwini munda anafika pa njinga nditazula chigawo chachikulu. Sanakalipe. Anayimika njinga, n'kuyima pa mlambala wa munda, n'kufunsa, "Mwanangu, mpungawu wakulakwira chiyani?"

Ndinawaseka. Ndinayamba kuwaphunzitsa ulimi, munthu amene anayamba kulima mpunga amayi anga asanabadwe. Anthu anasiya ntchito n'kusonkhana. Amayi anabwera akuthamanga, analowa m'madzi ndi chitenje chomwe, n'kundigwira pamkono. Ndinawatukwana pamaso pa anthu onsewo. Mawu amene ndinanena sindingawalembe pano, koma ndimawakumbukira onse.

Patapita masiku mphamvu ija inaphwa yokha, ndipo ndinagona ngati wodwala. Amalume anagamula kuti anali malungo okwera kumutu, aliyense n'kuvomera, chifukwa malungo sachititsa manyazi. Amayi anakawokeranso munda wa bambo aja ndi msana wawo wowawawo. Anthu a m'mudzi anatichitira chifundo: anasunga mbali yokoma ya nkhaniyo, inayo n'kuyikwirira. M'nyumba mwathu sitinayitchulenso.

Chaka chotsatira zinanditembenukira. Ndili ku koleji, thupi linalemera ngati thumba la mpunga wonyowa. Kudzuka kunkandikanika, kusamba kunkandikanika, ndipo ndikatsegula buku maso ankangoyenda pamwamba pa zilembo. Ndinkalira popanda wondiputa. Kalasi ndinasiya kupita, mpaka ndinachenjezedwa kuti ndikapitiriza chonchi malo anga atha. Pa mtundu wathu wonse, wofika ku koleji ndinali ine ndekha, ndiye kubwerera kumudzi chimanjamanja kunkandiopsa kuposa chilichonse.

Mnzanga wa m'chipinda chimodzi anandikokera ku kiliniki ya pa koleji, n'kuyimbiranso amayi foni. Amayiwo anabwera pa kabaza ndi minibasi, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, atanyamula mpunga wophika m'kontena ngati kuti vuto langa linali ndiwo za ku hositelo.

Nesi amene tinam'peza anali mayi wosafulumira. Anandifunsa za tulo, za kudya, za maganizo ofuna kudzipweteka, ndipo ndinayankha zoona. Anati zikuoneka ngati matenda a kukhumudwa, aja ophunzira timati dipuleshoni, ndipo mankhwala ake alipo. Mtima unakhala pansi. Dipuleshoni inali nthenda yoti ungayitchule pa koleji anthu n'kukumvera chisoni.

Kenako anati, "Ndisanakutumizeni kolandira mankhwala, pali funso limene timafunsa aliyense wobwera ndi vuto ngati lanuli. Inayamba yakhalapo nthawi imene munali mosiyana ndi panopa? Osagona koma osatopa, kulankhula kwambiri, kudzimva kuti palibe chokukanikani?"

"Ayi," ndinatero.

"Kapena kuchita zinthu zimene pambuyo pake munadabwa kuti munazichita ndinu?"

"Ayi."

Ndinkayang'ana mapazi a amayi, ming'alu ya ku zidendene imene matope a ku Likangala anawasiyira. Sindinkada nkhawa kuti aulula. Chinsinsicho chinali chathu tonse, ndipo iwo ndi amene anachimanga mfundo.

Nesi uja sanalimbane nane. Anangofotokoza chifukwa chimene amafunsira. Anati pali nthenda ina, baipola, imene munthu amatsika kwambiri nthawi zina, nthawi zina n'kukwera kwambiri. Akatsika amafanana ndendende ndi wa dipuleshoni, koma mankhwala ake ndi ena. Kum'patsa a dipuleshoni okha kukhoza kum'ponya m'mwamba muja. Ndinamva bwinobwino, koma yankho langa sindinalisinthe. Amati manyazi anapha lambe, ine ndinali wokonzeka kumwa mankhwala olakwika kusiyana n'kuti nditchule munda uja.

Amayi anakonza mpango kumutu, n'kutsokomola. "Anesi, pepani ndilowerere. Mwanayu akunama, koma anam'phunzitsa bodzali ndine."

Anafotokoza zonse, pang'onopang'ono, ngati akupereka umboni pabwalo. Za kusagona, za nyimbo, za ku Chisi, za mpunga wa bambo aja uli mbwee pamwamba pa madzi. Anangodumpha chinthu chimodzi, mawu amene ndinawatukwana nawo. Kudumphako kunandipweteka kuposa zonse zimene ananena. Ndinkafuna pansi patang'ambika ndilowe, ndipo ndinawakwiyira, ngakhale ndinkadziwa kuti akundipulumutsa.

Nesi anathokoza, n'kunena kuti atitumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo kuti akafufuze bwino, chifukwa mafunso ake okha sangagamule. Tikuyimirira, amayi anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye mpunga wathu uja, anawokera ndi iyeyu kapena matendawa?"

"Manja anali ake, mayi," anatero nesi.

Amayi anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti yankholo silinawafike pamtima. Tsiku limenelo anataya nkhani imene ankayinyadira kwambiri pa moyo wawo, ndipo anayitaya ndi pakamwa pawo.

Dokotala anadzatsimikiza kuti inalidi baipola. Ndinayamba mankhwala, ndinabwereza chaka, ndipo koleji ndinamaliza. Mankhwalawo ndikumwabe mpaka pano. Bambo a matemba aja tikakumana amandipatsa moni ngati kale, n'kufunsa za ku tauni. Ine ndi amene ndimasowa poyika maso.

Dzinja lililonse ndimapita kukathandiza kuwokera. Nditafika koyamba kuchokera pamene ndinayamba mankhwala, mayi wina anandiona pa ngalande n'kuseka. "Mlimi wathu wabwera. Chaka chino muyambira puloti ya ndani?"

Ndisanayankhe, amayi anati, "Awokera mizere yake, dzuwa likakwera akapuma ngati wina aliyense."

Ndipo ndimaterodi. Ndimawokera pang'onopang'ono, misundu ndimayiopabe, ndipo ana a sukulu amandipitirira. Koma masiku ena kumacha bwino, madzi ali ozizira, mphepo ikuchokera ku nyanja ya Chilwa, ndipo ndimangopezeka ndayamba kuyimba, poti ndasangalala basi. Amayi amaweramuka, mbande zili m'manja, n'kundiyang'anitsitsa ndi nkhawa. Ndimasiya nyimboyo pakati.