Dzanja Langa mu Una wa Mfuko

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, tili pa pulazi ya fodya kufupi ndi Trelawney, m'masiku a Chitaganya. Abambo anachoka ku Ntcheu ine ndisanabadwe, ndipo ntchito yawo inali yosamala mabedi a mbande za fodya. Nyumba yathu ya ku komboni inali ya mzungu mwini pulazi. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha, ndipo zimenezi ngakhale ife ana tinkazidziwa.

Chaka chimenecho mfuko zinalowa m'mabedi. Kanyama kameneka n'koipa nkhope. Maso ake ndi ochepa ngati njere za mpiru, makutu saoneka, ndipo mano anayi aatali amakhala panja ngakhale katatseka pakamwa, poti milomo imakumana kumbuyo kwa mano kuti dothi lisalowe kukhosi. Amayi ankati ndi mbewa basi. Abambo ankakana, amvekere mbewa imakumba ndi zikhadabo, iyi imakumba ndi mano, m'bale wake ndi ntchenzi. Anzathu Achishona ankaitcha nhuta. Fodya siidya, imafuna mizu ya dawe, koma njira zake zikadutsa pansi pa bedi mbande zimangofota mzere wonse.

Lolemba lina foromani anabwera ine ndili pomwepo. "Achimwene," anatero kwa abambo, akutchula mzungu uja m'Chishona, "murungu wati Lachisanu akapeza mulu wa mfuko ngakhale umodzi, mudzatenge chitupa chanu, ntchito yatha."

Abambo ankadziwa kagwiridwe kake. Ankafukula kamulu kadothi mpaka njira itatseguka, n'kukhala phee khasu lili m'manja. Mfuko imadana ndi mphepo, ndiye imabwera kudzatseka, ndipo ikayamba kukankha dothi khasu limagwera kumbuyo kwake. Anagwira zingapo, koma Lachinayi anawatuma kukadula nkhuni za ku mabani owumitsira fodya. Ine, wanzeru zoposa msinkhu monga ndinkadzionera, ndinatenga khasu la amayi dzuwa lili paliwombo.

Ndinafukula kamulu ka m'mphepete mwa bedi lomaliza n'kukhala pansi. Ndinadikira mpaka thukuta linayenderera kumsana, dothi osagwedezeka. Ndinkangoganiza za Lachisanu. Kenaka ndinati, ngati sikubwera ndiitsata konko. Ndinagona chafufumimba n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono.

Chimene ndinakhudza chinalibe ubweya. Chinali chozizira, chosalala, ndipo chinayenda pansi pa zala zanga. Ndisanabweze dzanja ndinamva ngati wina wandicheka ndi chikwakwa. Ndinakoka, ndipo chinatuluka nane, chinjoka chakuda chonenepa ngati mpini, chitandiluma pachikhatho osataya. Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Mkodzo unatsika m'miyendo, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Abambo anatulukira akuthamanga nkhwangwa ili m'manja, n'kuidula njokayo pakhosi. Anavula lamba n'kundimanga pamkono mpaka zala zinachita dzanzi. Anthu anadzaza. Amayi anafika atagwira kumutu, akulira maliro ine ndikuwaona. Chipatala chinali kutali, lole ya pa pulazi inali itapita ku Salisbury. Ndinkamvetsera mtima wanga kuti usiya liti, ndipo ndinkaopa kuphethira poganiza kuti maso sadzatsegukanso.

"Esinati, ndiyang'ane," abambo ankangobwereza. "Ndiyang'ane ine, mwanangu."

Kenaka panafika Sekuru Mhofu, mkulu woweta ng'ombe za pa pulazi, mbadwa ya dera lomwelo. Anaitembenuza njoka ija ndi ndodo, anaiyang'ana kumutu, n'kupukusa mutu wawo.

"Haina uturu iyi," anatero m'Chishona, kenaka anabwereza m'chinenero chathu. "Ilibe ululu. Kuluma imaluma zoopsa, koma mwana safa. Masulani lamba, muwononga dzanja."

Anaing'amba pamimba ndi mpeni, ndipo munatuluka mfuko yathunthu, mano ake ali panja. Anatiuza kuti njoka imeneyi imakhalira kudya nhuta m'njira zawo momwemo, ndipo kuti ukatsegula una koma osabwera wodzatseka, ndiye kuti mwini wake wadyedwa, m'katimo muli mlendo. "Achimwene," anatero motsitsa mawu, "mwapha amene amakugwirirani ntchito." Abambo anandinyamula kupita nane kunyumba, amayi n'kutsuka balalo ndi madzi amchere.

Lachisanu mzungu sanapeze mulu watsopano, ndipo tinapuma. Koma patapita masabata atatu mfuko zina zinalowa kuchokera kuthengo, zopanda woziopsa, n'kuwononga mabedi awiri. Abambo anapatsidwa chitupa chawo. Tinakwera lole ya ku Tengwe ndi mphasa, mapoto ndi nkhuku ziwiri, osadziwa ngati kumeneko atilandira.

Panjira ndinalephera kupirira. "Ababa, ndine ndakuchotsetsani ntchito."

Anagwira dzanja langa lomanga nsanza n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Njoka ndinapha ndine," anatero. "Ndipo ikanakhala ya mzungu yemweyo, ndikanaiphabe. Khala bwino, ungagwe."

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti phunziro lake linali lakuti usamapise dzanja pamene maso sakuona, ndipo adzukulu anga ndimawauza zomwezo. Koma lero ndine wamkulu kuposa mmene abambo analili pa lole paja, ndipo ndikudziwa mantha amene anali nawo munthu wa ana anayi, wopanda denga, kwawo kuli kutsidya kwa Zambezi. Mantha amenewo anawasenza okha, osandigawirako ngakhale pang'ono. Anakhala zaka zina makumi atatu, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sananenepo kuti ku Trelawney tinachoka chifukwa cha ine.