Mandasi Awiri Pageti la Sukulu

Dzulo ndikudikira minibasi ku Limbe, ndinaona ana akutuluka pasukulu, onse mu yunifomu yabuluu. Maganizo anandibwezera ku Chitawira, ndili sitandade 3.

Amayi anali atangotuluka kumene kuchipatala cha odwala misala. Tsiku lina anabwera kudzanditenga atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, m'manja muli mandasi awiri okulunga m'pepala. Anaima pageti, maso akungoyendayenda pankhope zathu osakhazikika. Ine ndinali pafupi, moti fungo la mandasiwo ndinkalimva.

"Malita! Uli kuti, mwananga?"

Anzanga anayamba kuseka. Wina anandikodola: "Iwe, si amayi ako odwala mutu aja?"

"Ayi, sindikuwadziwa."

Ndinkaganiza kuti akuchitira dala kuti andichititse manyazi. Ndinazemba n'kupita ndekha kunyumba. Iwo anafika dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu ndi fumbi, n'kundipatsa mandasi onse awiri.

"Munachuluka," anatero. "Maso anga anakanika kukusankha."

Nditakula, adokotala anandifotokozera kuti matendawa amamulepheretsa munthu kupeza chinthu chimodzi pakati pa zambiri. Amayi anangolephera kundiona, koma ine ndinawaona bwinobwino n'kuwakana.